Mgolo wa ku Munda wa Amayi

Amatitán, 9 Febuluwale 1987

Ofelia mwana wanga,

Landira moni, iwe ndi mwamuna wako Rigoberto ndi kamwana kaja sindinakaone. Kuno tili bwino. Chimfine chinandigoneka pa Khirisimasi chija chinatha, kungoti mkulu wako Herminia amandivekabe chipewa ngati khanda. Mutiuze za ku Chicago kumeneko. Tikumva kuti kuzizira kwa chaka chino kwaphulitsa mapaipi.

Ukudziwa kuti ine si wamakalata, choncho ndingofika pa nkhani. A Chon, aja amanyamula katundu wa anthu pa galimoto yawo, anyamuka Lachinayi. Ndawapatsa tchizi, tsabola wouma ndi kabotolo kokulunga m'sokosi. M'kabotolomo muli mowa wathu wa tekila, wa mu mgolo wa amayi ako.

Ndikunena mgolo uja wa munda wa kuphiri, wa mitu ya khonje imene amayi ako anabzala ndi manja awo asanadwale. Inakhwima patatha zaka zisanu ndi zitatu, iwo atatisiya kale. Popuma ntchito, abwana a fakitale anandilola kutcheza mitu imeneyi payokha ndi kusunga mgolo umodzi pakona ya chipinda cha migolo. Kiyi ndili nayebe. Mwezi wa mawa tekilayu akwanitsa zaka zinayi ali mu mgolo wa thundu. Munda uja uli m'manja mwa anthu ena tsopano ndipo abzalamo chimanga, ndiye mgolo wina ngati umenewu sudzakhalakonso.

Sindikukuuza zachilendo. Tekila akakhalitsa mu mgolo, thabwa limamumeza. Amayamba kuwawa, fungo la kumunda limathawa, ndipo palibe angalibweze. Kumuchotsa msanga nakonso ndi kutaya zaka pachabe. Nyengo yotentha yayandikira, ndipo kukatentha thabwa limagwira ntchito mwachangu.

Ulawe, undiuze zimene wapezamo.

Ndine bambo ako,
Nemesio Ruvalcaba


Chicago, 16 Malichi 1987

Okondedwa Ababa,

Ndakondwa kumva kuti mwachira. Ife tili bwino, ntchito ya kufakitale ya maswiti ikuyenda. Maribel tinamubatiza Lamlungu lapitali, ndipo katundu wanu anafika nthawi yabwino, kutangotsala masiku awiri. Tchizi chinatha tsiku lomwelo.

Tekila ndi wabwino kwambiri. Sakuwawa. Zikomo potikumbukira.

Moni kwa onse.

Mwana wanu,
Ofelia

Achemwali Herminia, pepala lachiwirili ndi lanu, musawapatse.

Muli bwanji ndi masingano anu? Kodi a Cuca a pasitolo anakulipirani diresi lija kapena akuliyezabe pagalasi?

Tandiuzeni, Ababa akufuna chiyani kwa ine? Zaka zisanu ndi zitatu ndili kuno, moni wawo ndimamulandira m'munsi mwa makalata anu, mzere umodzi. Lero akunditumizira mayeso m'sokosi. Ndili mwana ankandinyamula kundikhazika pa mgolo, kundinunkhiza matambula atatu, ine n'kumatchula kuti uyu ndi wa mgolo uti, antchito a m'chipinda cha migolo akuwomba m'manja. Nditakula n'kupempha ntchito m'chipinda momwemo, munamva nokha zimene ananena pamaso pa abwana: “Kulawa kwa mwana wanga ndi masewera. Chipinda cha migolo si cha akazi.” Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mpaka lero sindinaiwale.

Mphuno yawo imadziwika chigwa chonse. Asowa chiyani kwa munthu wokulunga maswiti? Akungofuna ndilakwitse kuti aseke. Ndawayankha mwachidule, ndipo zakwana.

Ubatizo unali bwino. Kunabwera anthu makumi anayi m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo anamwa chilichonse chimene chinali patebulo. Zithunzi zikatuluka nditumiza.

Ofelia


Amatitán, 6 Epulo 1987

Ofelia mwana wanga,

Moni kwa nonse. Ndathokoza chifukwa cha kalata. Maribel akule ndi moyo.

Wanena kuti sakuwawa. Ngati ndi choncho thabwa silinamugwire, ndipo akhoza kupirira nyengo ina yotentha. Ndamusiya mpaka mvula itakhazikika. Ndinkafuna kumuchotsa sabata ya Pasaka, mabotolo aakulu ndinali nditatsuka kale, koma ndawabwezera pamwamba.

Ngati pali china chimene unapezamo koma sunalembe, undilembere.

Bambo ako


Amatitán, 22 Juni 1987

Iwe Ofelia,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mtima wanga suli pa moni. Muli bwanji kumeneko? Kodi manja anathyoka? Miyezi iwiri ndi theka Ababa akupita kupositi Lachiwiri lililonse, atavala chipewa chawo chabwino, n'kumabwerako ndi nyuzi yokha. Zithunzi za ubatizo nazo zikubwera wapansi?

Khala pansi uwerenge bwino. Ababa samvanso fungo. Chimfine chija chinapita nayo mphuno, lilime nalo linatsatira. Ndazindikira sabata yatha, ine mwana wawo wokhala nawo nyumba imodzi, ndiye ukhoza kuona mmene anabisira.

Lachitatu ndinasiya nyemba pamoto n'kupita kukapereka siketi kwa makasitomala. Pobwera ndinamva kupserera ndili pakona ya tchalitchi. A Cuca anali atatuluka kale m'sitolo, akununkhiza m'mwamba ngati galu wosaka. Ndikulowa, ndapeza Ababa ali pakhonde, chitseko cha kukhitchini chili pambali pawo, akusenda lalanje mwamtendere. Munthu amene ankadziwa ali pamsewu kuti uvuni wa kufakitale wapsereza mitu ya khonje!

Ndinathamangira kukachotsa mphika pamoto. M'mawa mwake ndinawiritsa madzi, ndinathiramo shuga wowotcha kuti afiire, n'kuwapatsa. Ndinati, “Ababa, tiyi wa sinamoni uyu.” Anamwa, natafuna pakamwa monga amachitira, n'kunena kuti, “Sinamoni wachulutsa.”

Ndinati, “Mulibe sinamoni mmenemo.”

Anayika kapu pansi. Anati, “Ndiye wayamba kutchera bambo ako misampha?”

Ndinati, “Kuyambira liti?”

“Kuyambira chaka chatsopano. Ukauza munthu, ndikupita kukakhala kwa azakhali ako ku Tepic.”

“Pitani, akakupatseni madzi otentha kumeneko. Nanga adokotala?”

Anapita okha mu Janyuwale, osandiuza. Adokotala anati mwina zidzabwerera, mwina ayi. Mpaka pano sizinabwerere. Mchere amaumva patalipatali, tekila amangowatentha pakhosi basi.

Tsono kabotolo kaja sanali mayeso, mng'ono wanga. Iwe ndi mutu wako wouma ngati wawo! Analibe wina womufunsa. Ndinawauza kuti aitane Gilberto, amene anatenga malo awo kuchipinda cha migolo. Anati Gilberto amalawa ndi maso, kwa iye tekila akada ndiye wakoma, komanso sadziwa mmene khonje la munda wa Amayi linkanunkhira likamatuluka mu uvuni. Chenicheni n'chakuti akuopa. Akadziwa Gilberto mawa chigwa chonse chadziwa kuti mphuno ya a Nemesio inafa. Ine ukundidziwa, ndikanyambita kadontho ndimatsokomola mpaka Lamlungu.

Anadalira mawu ako awiri aja, n'kusiya mgolo kudutsa Epulo ndi Meyi. Chaka chino kunatentha moti makandulo a m'tchalitchi anapindika. Ine za migolo sindizidziwa, koma kalata yako ndinaiwerenga, ndipo sinandimvekere. Uli mwana unkatha theka la ola ukufotokoza tambula imodzi mpaka tonse kutopa nawe. Lero “ndi wabwino kwambiri” basi? Undiuze zoona. Unalawa?

Mkulu wako,
Herminia


Chicago, 8 Julayi 1987

Achemwali,

Moni. Tonse tili moyo, koma kalata yanu ndaiwerenga katatu ndipo ndalira.

Sindinalawe.

Kabotolo ndinakaika pamwamba pa kabati, ndili ndi mkwiyo, ndikuti ndidzakaona phwando likatha. Tsiku la ubatizo mowa unatha msanga. Alamu anu, pofuna kuoneka mwamuna pamaso pa anzawo a kuntchito, anakatsitsa, n'kukhuthulira m'jagi pamodzi ndi soda, ayezi ndi mandimu. Ine ndinali kukhitchini ndikutenthetsa nyama ya mbuzi. Ndikutuluka ndinapeza sokosi ya Ababa ili pansi, munthu wina ataipondapo. Ndinafunsa mnzawo wina kuti zinali bwanji, iye anati, “Zabwino kwambiri, mlamu, sizikuwawa n'komwe.” Mawu amene ndinalembera Ababa ndi amenewo, a munthu woledzera amene ankamwa soda.

Rigoberto sindinamuyankhule sabata yathunthu, koma mlandu si wake. Iye anaona botolo la mowa. Amene ankadziwa chimene chinali m'menemo ndine. Ndinkati Ababa akudziwa kale yankho, langa alibe nalo ntchito. Kalata yawo ya mu Epulo itafika, yonena kuti abwezera mabotolo pamwamba chifukwa cha ine, ndinachita mantha. Ndinayamba kuyankha kanayi n'kung'amba. Kenako ndinadziuza kuti munthu ngati iwo sangasiye mgolo kuwonongeka chifukwa cha kalata ya mwana, akalawa okha aona. Ndinadzinamiza choncho miyezi itatu.

Kubwera sindingathe, mukudziwa nkhani ya mapepala. Ndikatuluka m'dziko muno sindilowanso, ndipo Maribel akuyamwa.

Auzeni zonse, musandibisire kanthu. Ndipo auzeni achotse tekilayo mu mgolo lero lomwe, asadikirenso. Ngati angandikhulupirirenso, anditumizire kabotolo kena.

Ofelia


Amatitán, 24 Julayi 1987

Ofelia,

Moni kwa iwe ndi mwana. Alamu anga a jagi uwapatse moni wochepa.

Ndinawawerengera kalata yako yonse, osadumpha ngakhale za sokosi. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Anangofunsa kuti, “Soda wake wamtundu wanji?” Ndinati sindikudziwa. Anati, “Zaka khumi ndi ziwiri, kuyambira kubzala.” Anatuluka kukathirira tsabola wawo, ngakhale mvula inali itagwa m'mawa womwewo.

Za kuchotsa lero lomwe akana. Ndinawachonderera, ndinawakalipira, ndinawopseza kuti ndikaba kiyi. Anati, “Zaka makumi anayi sindinatsegulepo mgolo chifukwa cha mantha. Mgolo umatsegulidwa munthu atalawa. Walawa iyeyo?” Ndinati ayi. “Ndiye alawe.” Ukuona mtundu umene tinabadwiramo.

Lolemba tinapita limodzi kuchipinda cha migolo nthawi ya nkhomaliro, Gilberto atapita kukadya. Anatunga okha. Anakweza tambula kuwindo nayang'ana nthawi yaitali. Anati mtundu wada kuposa mu Febuluwale. Kenako anaika mphuno m'tambulamo mwachizolowezi, ndipo ndinaona nkhope yawo. Ndikanakonda ndikanayang'ana kumbali.

Tsoka lake galimoto ya a Chon yafa, ili kwa makanika ku Guadalajara. Akuti inyamuka pa 10 Ogasiti, koma makanika ndi makanika. Papositi Ababa akana, akuti amaswa kapena kumwa. Ndiye tidikira a Chon. Kabotolo ndakasokera m'kathumba, ndipo pamwamba ndalemba kuti MANKHWALA A MWANA, kuti alamu anga akaona asakhudze.

Ukalawa usadikire positi. Imba lamya kusitolo kwa a Cuca, unene mawu ochepa, chifukwa chimene a Cuca amva m'mawa, masana chimakhala chili pamsika.

Herminia


Chicago, 23 Ogasiti 1987

Ababa,

Moni. Ndikhulupirira uthenga wa palamya unafika. Ndinangouza a Cuca kuti, “Auzeni Ababa kuti mabotolo atsike lero.” Anandifunsa kasanu kuti mabotolo anji, ine ndinati a uchi.

A Chon anafika Lachisanu madzulo. Sindinalawe tsiku limenelo chifukwa m'nyumba munali fungo la anyezi. Dzulo m'mawa ndinatuma Rigoberto kupaki ndi mwana, ndinatsegula mawindo, sindinamwe khofi, sindinatsuke mano ndi mankhwala. Tambula ndinaitsuka ndi madzi okha. Ndinathira pang'ono n'kuisiya ipume nthawi yonena Atate Athu katatu, monga munkachitira.

Mtundu ndi wa uchi wakale, wofiirira. Ndikapendeketsa tambula, madontho amatsika mochedwa.

Ndinanunkhiza kukamwa kuli kotsegula pang'ono. M'munsi mwa tambula muli vanila ndi shuga wowotcha, zambiri. Pakati pali sinamoni ndi makoko a lalanje ouma. Fungo la kumunda ndinalifuna nthawi yaitali. Lilipo, Ababa. Lili m'mphepete mwa pamwamba, ndipo limabwera ukachotsa mphuno, osati ukaiika: mitu ya khonje yotuluka kumene mu uvuni, ija Amayi ankatidulira kuti tizitafuna pobwerera kunyumba, ndi kafungo ka dothi lonyowa. Koma ndi lochepa. Lili ngati munthu woyankhula m'chipinda china chitseko chili chotseka.

Ndinanyowetsa milomo kaye, kenako ndinamwa kadontho n'kukayendetsa pakamwa ponse. Polowa ndi wofewa, wotsekemera, sakuluma. Pakati pali tsabola pang'ono. Ndinameza n'kutulutsa mpweya m'mphuno, ndipo apo ndi pamene pali vuto. Kumbuyo kwa lilime kukutsala kuwawa kouma, ngati watafuna pensulo, ndipo nkhama zikukhwinyata. Ndinadikira, ndinamwa madzi, ndinalawanso. Kuwawako kulipo ndithu. Ndinathira kadontho m'manja n'kutikita mpaka kuuma: m'manja munatsala thabwa, khonje pang'ono chabe.

Ndinaganiza zokulemberani kuti zonse zili bwino, poti simungandigwire bodza. Ndi chifukwa chomwecho sindingatero. Tachedwa, Ababa. Sanawonongeke, munthu wosadziwa adzati ndi tekila wapamwamba, ndipo Gilberto akhoza kuvina. Koma si uja akanakhala mukanamuchotsa pa Pasaka. Nyengo yotentha ija yadya gawo lalikulu la munda wa Amayi, ndipo inadya chifukwa cha kalata yanga. Mwezi wina umodzi, sipadzatsala kanthu.

Mundikhululukire ngati mungathe. Ndikanadziwa za mphuno yanu sindikanatero, koma ngakhale osadziwa sindinayenere kutero.

Mwana wanu,
Ofelia


Amatitán, 14 Sepitembala 1987

Ofelia mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa Maribel, ndi kwa Rigoberto yemwe. Kuno mvula ikugwa bwino. Herminia ali bwino, pakamwa pake pali bwino koposa.

A Cuca anabwera akuthamanga Loweruka lija, ndipo dzuwa lisanapendeke tekila anali m'mabotolo. Mu mgolo tinathiramo malita mazana awiri, tatulutsamo zana limodzi ndi makumi anayi ndi atatu. Enawo anauluka m'zaka zinayi, monga zimakhalira. Gilberto anatithandiza kunyamula. Analawa n'kunena kuti sanamwepo wotere. Ndinamuuza kuti tachedwa ndi miyezi isanu, ndipo kumbuyo kuli thabwa. Anandiyang'ana ndi ulemu waukulu, nati mphuno ya a Nemesio sikalamba. Ndinamuuza kuti mphuno ya a Nemesio inafa pa Khirisimasi, amene walawa ndi mwana wanga wamkazi wa ku Chicago. Pofika Lolemba chigwa chonse chinali chitamva. Sindinafe nazo.

Za kukhululuka, tigawane. Kalata yako ya mu Malichi nditaiwerenga ndinadziwa kuti siinali bwino. Munthu amene ndinamuphunzitsa ine sanganene kuti “wabwino kwambiri” n'kusiyira pomwepo. Ndikanakulembera mzere umodzi wonena kuti sindikumva fungo, ndithandize. Ndinasankha kukhulupirira mawu awiri opanda pake kusiyana ndi kulemba mzere umenewo. Miyezi isanu ija, itatu ndi yanga.

Zimene ndinanena pamaso pa abwana chaka chija ndikuzikumbukira. Sanali masewera. Unkandiposa uli ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ine ndinkadziwa.

Kuchipinda kwathu, mgolo ukatsegulidwa timalemba ndi choko pa thabwa lake tsiku ndi dzina la amene walamula. Ndalemba 22 Ogasiti 1987, Ofelia Ruvalcaba. Abwana anaona, sanafufute.

Kalata yako inafika Lachiwiri. Lachitatu m'mawa ndinakhala pakhonde ndi tambula, osamwa khofi, kalata ili pabondo. Ndinkawerenga mzere n'kuchita zimene walemba. Ndinanunkhiza m'munsi, pakati, m'mphepete. Ndinameza n'kutulutsa mpweya m'mphuno. Sindinapeze kanthu, mwana wanga, ngakhale kuwawa kumene. Koma vanila ndikumudziwa, sinamoni ndikumudziwa, ndipo powerenga ndinkawakumbukira mmodzimmodzi. Pa pensulo ndinaseka ndekha, chifukwa ndi momwemodi.

Pamene pandivuta ndi pa mitu ya khonje yotuluka mu uvuni. Pamenepo walemba mizere itatu yokha. Ndakhala ndikuyesa kulikumbukira fungo limenelo sabata yonse, ndipo likundithawa. Ndinagwira ntchito m'kati mwake zaka makumi anayi, amayi ako ankabwera nalo m'tsitsi, koma miyezi isanu ndi inayi yokha yakwana kuti ndiyambe kuliiwala.

Ngati m'kabotolo mwatsala kanthu, ulawenso Loweruka m'mawa. Undilembere za fungo limenelo lokha, tsamba lonse, ndipo usafulumire.

Ndine bambo ako,
Nemesio